Pepala la m'kajumbo ka shuga

Nandolo wouma akamapunthidwa amatulutsa kafungo kakekake, kafumbi koyabwa m'mphuno kosakanikirana ndi fungo la makoko opsa ndi dzuwa. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pamene akupuntha nandolo ndimayetsemula kaye, kenaka mtima umabwerera kwathu ku Mkhumba, chaka chimene ndinali Sitandade 4. Chilimwe chake chinali chotentha kwambiri. Phiri la Michesi linkangooneka mbuu chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire, ndipo pabwalo pathu panali mulu wa nandolo umene tinali tisanauonepo. Amayi anali atalima okha. Ine ndinkapalira nawo ndikaweruka kusukulu, mlongo wanga Yohane akusewera ndi dothi m'mizere.

Abambo anali atachoka zaka zitatu m'mbuyomo. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, choncho pochoka sanatenge zambiri: njinga, wailesi, bulangete ndi khasu lawo. Tinkangomva kuti ali ku Chiringa ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma. Patapita miyezi ingapo chichokereni, kunabwera mesenjala wa kukhoti pa njinga. Anapereka pepala kwa amayi, n'kuwadinditsa chala pa lina. Mawu ake oyamba anali akuti, "Amuna anu akuti banja lithe." Zimene ananena pambuyo pake amayi sanazimve. Makutu anali atatseka.

Amayi sanapiteko kusukulu. Kumudzi banja likamatha, ankhoswe a mbali ziwiri amakhala pansi tsiku limodzi, n'kulankhula, basi zatha. Iwo ankayesa kuti kukhoti n'chimodzimodzi: mwamuna wapita, walankhula, boma ladinda. Analira masiku angapo, kenaka analipinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'kajumbo ka shuga, n'kulisomeka kudenga pamwamba pa chitseko. Ankalitchula kuti kalata yanga. Azimayi anzawo akawafunsa kumjigo, ankayankha mosatekeseka kuti iwo anasudzulidwa ndi chidindo cha boma, palibenso za mwamuna pakhomo pawo.

Abambo anatulukira tsiku limene tinkasoka matumba. Ndinayamba kumva kulira kwa tcheni cha njinga yawo, kulira kumene ndinkakudziwa ngakhale ndili m'tulo. Anali ataonda, malaya atawakulira. Yohane anamubweretsera masikono, ine masilipasi ofiira a kaduwa pamwamba. Ndinali ndisanavalepo chinthu chokongola choncho. Amayi anawapatsa madzi akumwa atagwada chapatali, monga amachitira ndi mlendo. Abambo anamwa, n'kudzuka, n'kuyamba kusisita matumba limodzilimodzi.

"Nandolo wathu wachita bwino chaka chino," anatero.

"Wathu ndi ndani?" anafunsa amayi.

Amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kajumbo kaja kali bii ndi mwaye. Abambo atangoona pepalalo anaseka, n'kufunsa ngati alipo amene anawawerengerapo. Amayi anandipatsira ine. "Mele, werenga, bambo ako amve." Linali la Chingerezi, ndipo Chingerezi changa chinali cha moni ndi mayina a ziweto. Onse awiri ankandiyang'ana. Ndinayendetsa chala pamizere mpaka ndinapeza zimene ndinkadziwa, n'kunena kuti dzina la amayi lilipo, la abambo liliponso, ndipo chidindo chili pansi. "Mwamva," anatero amayi. Abambo anangokankha njinga yawo kuilowetsa m'nyumba, n'kuitsamiritsa pamene inkakhala kale. Kuyambira tsiku limenelo amayi, Yohane ndi ine tinkagona m'khitchini, pamkeka wonunkha utsi.

M'mawa mwake tinapita kwa amalume a Dayitoni, achimwene awo a amayi, amene anali nkhoswe ya banjalo. Tinawapeza akusema mpini. Anamvetsera osakweza mutu, kenaka anati iwo sanakhalepo pansi ndi nkhoswe inzawo kuti asudzule banja limeneli, ndiye sangathamangitse mkamwini amene wabwerera yekha. "Pepalalo n'la boma, chemwali. Kafunseni bomalo."

Tinapita Lolemba. Amayi anandijombetsa kusukulu, Yohane anamusiya kwa amayi aang'ono. Tinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, kenaka tinakwera kabaza mmodzi, ine nditapanikizika pakati. Fumbi linadetsa masilipasi anga ndipo ndinkawapukuta ndi malovu. Kukhoti la kuboma anthu anali atadzaza pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango. Ena anali atavala majekete ngati akupita kutchalitchi, ena ankalankhula okha, kubwereza zimene akanene. Anatilozera kachipinda ka kumapeto, kwa kalaliki.

M'kachipindamo munkanunkha mapepala akale ndi mankhwala a chiswe. Mafayilo omangidwa ndi zingwe anali atasanjidwa mpaka kudenga. Kalalikiyo anali mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Amayi anamuuza kuti abwera kudzaonetsetsa kuti banja lawo linathadi, chifukwa mwiniwake akukana. Mayiyo anatambasula pepala lija mosamala, popeza linali litayamba kung'ambika m'mopindamo. Sanayang'ane mayina kapena chidindo monga ndinachitira ine. Anayang'ana kanambala kapamwamba ndi chaka chake, n'kukopera pakapepala, n'kutiuza kuti tidikire panja. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Tinadya chinangwa chophika chimene amayi anamanga pansalu, ndipo iwo anangoluma kamodzi.

Atatiitananso, patebulo panali buku lalikulu lakuda, lotsegulidwa pakati. Mayiyo anaika chala pamzere wina. Anafotokoza kuti pepala lathu silinali lothetsa banja. Chinali chisamani, kalata yoitana amayi kuti adzaonekere kukhoti pa tsiku limene linalembedwa pamenepo. "Inu simunabwere, mayi. Amuna anu, amene anadzasumawo, nawonso sanabwere. Mlandu unangotsekedwa osamvedwa. Banja lanu lilipo."

Ndinene zoona. Ine ndinamwetulira. Sindinafune, koma milomo inangotseguka yokha, chifukwa m'mutu mwanga mawu amenewo ankatanthauza kuti abambo sachokanso.

"Nawonso sanabwere?" anafunsa amayi. Kalaliki anavomera ndi mutu. Amayi anayang'ana bukulo nthawi yaitali ngati angathe kuliwerenga, n'kufunsanso motsitsa mawu, "Sanabwere ndithu?" Kenaka anatembenuka, n'kupeza nkhope yanga ili choncho. Anakonza chitenje chawo m'chiuno, n'kufunsa kalaliki kuti ngati iwo akufuna kuti lithe, ayambire pati.

Mayiyo anawalongosolera bwinobwino. Anayenera kutsegula mlandu wawowawo, kulipira kandalama kolembetsera, ndi kunena zifukwa zawo kuti zilembedwe. Mesenjala akapereka chisamani kwa abambo, ndipo pa tsiku la mlandu mbali iliyonse ibwere ndi nkhoswe yake. Amayi anamasula kansonga ka chitenje n'kulipira. Pofotokoza zifukwa anayamba m'Chichewa, koma pofika pa za usiku umene Yohane anadwala malungo iwo ali okha, Chichewa chinawathera, n'kulowa m'Chilomwe. Kalalikiyo ankamva, ndipo anangopitiriza kulemba. Amayi anadinda chala. Anapempha kuti tsiku la mlandu awatchulire katatu. Pobwerera anandigulira mandasi awiri pamsika, chala chawo chikadali chodetsedwa ndi inki.

Titafika kunyumba anatenga kabotolo ka mafuta odzola kopanda kanthu, n'kundiuza kuti ndiwerenge masiku otsala pa kalendala ya kutchalitchi. Pa tsiku lililonse limene ndinawerenga, anaponyamo njere imodzi ya nandolo. Kabotoloko kankakhala m'khitchini kuseri kwa mtsuko, ndipo m'mawa uliwonse asanakoleze moto ankachotsamo njere imodzi n'kuponyera nkhuku. Anati pepala linawapusitsa kamodzi, tsiku lokha lisawapusitse.

Njere zinkachepa m'botolo, matumba nawo ankachepa m'nyumba. Chisamani chitawafika abambo sanakwiye. Anangoyamba kumangirira thumba pa njinga m'mamawa kupita nalo kwa mavenda a sikelo, n'kubwerako madzulo akununkha kachasu. Amayi akalankhula, abambo ankawayankha kuti khoti lisanagamule mwini khomo ndi iwo. Amalume ankati tidikire tsikulo. Chimene amayi anapulumutsa ndi mbewu yokha, imene anakaibisa mumphika kwa amayi aang'ono. Ndipo pomangirira matumbawo, wogwirira njinga kuti isagwe ndinali ine. Abambo ankanditchula kuti mayi wanga, ankandifunsa za kusukulu, ndipo ine ndinkagwira chiwongolero ndi mphamvu zanga zonse, amayi akutiyang'ana ali pamtondo.

Tsiku lina amayi ali kumjigo, ndinatola njere ziwiri pabwalo n'kuziponya m'kabotolo muja. Ndinkaganiza kuti akaphonya tsiku, mlandu utsekedwanso ngati poyamba. M'mawa mwake amayi anakhuthulira njere zonse m'dzanja, n'kuziyang'ana. Anali akuwerengeranso ndi masiku a msika, ndipo sizinagwirizane. Anandiitana. Ndinabwera ndikudziwa kuti lero ndikwapulidwa. Anatsegula dzanja langa, n'kuikamo njere ziwiri, n'kulitseka ndi lawo. "Izi n'zako. Udzazidzale mvula ikagwa."

Botolo litatha tinapita, amalume atavala jekete lawo la maliro, nkhope ili gwaa. Tsiku limenelo mlandu sunamvedwe chifukwa nkhoswe ya abambo sinabwere, ndipo anatipatsa tsiku lina. Madzulo ndinaona amayi akubwezera okha njere m'kabotolo, imodziimodzi, akuwerenga motsitsa. Ulendo wachiwiri onse analipo. Mitambo inali itayamba kusonkhana pa Michesi ndipo mphepo inkanunkha mvula. Ana sankaloledwa kulowa, choncho ndinakhala pakhonde ndi Yohane, ndikumva mawu a amayi chapatali, osagwedera, osakwera. Abambo ndiwo anayamba kutuluka. Anandigwira pamutu, n'kunena kuti ndizilimbikira sukulu. Anakwera njinga, tcheni chija chikulira, n'kulowera njira ya ku Chiringa. Ndinavula masilipasi n'kuwathamangira mpaka pampanda, koma sanacheuke.

Khoti linathetsa banjalo. Linalamula kuti abambo achoke pakhomo la amayi ndi kuti azithandiza ana. Kuchoka anachokadi, koma thandizolo sitinalione, ndipo nandolo anali atapita kale yense. Pepala latsopano litatuluka, amayi sanandipatse ine. Anabwerera nalo kwa kalaliki uja, n'kumupempha kuti awawerengere m'Chichewa kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha mzere. Dzinja limenelo tinakhalira mango owiritsa ndi maganyu a m'minda ya eni. Ine ndinakhala masabata angapo ndisakuwalankhula bwino amayi. Mumtima mwanga ndinkati abambo sanabwere kukhoti ulendo woyamba uja chifukwa ankatikonda, ndipo amene anathetsa banja ndi amayi.

Amayi anatisiya chaka chathachi. Titamaliza zamaliro ndinkasesa m'nyumba mwawo, mwana wanga wamkazi ali kumbuyo, ndipo dzanja linangopita lokha pamwamba pa chitseko. Kajumbo kanalipo. Ndinkayembekeza kupezamo pepala limodzi, koma munali awiri. Chisamani chija, chimene chinawanamiza zaka zitatu ndi kuwatayitsa nandolo wawo, anali atachipinda bwinobwino pamodzi ndi chigamulo.

Ndinakhala pansi pakhonde ndi mapepala awiriwo pamiyendo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma tsopano ndimatha kupeza pamene palembedwa tsiku. Ndinaliyang'ana tsiku limene onse awiri sanabwere, ndipo ndinamvanso mawu a amayi m'kachipinda kaja akufunsa kachiwiri. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndinali ndekha amene mtima unadumpha kalaliki atalankhula. Lero ndikudziwa kuti tinali awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali ndi masilipasi ofiira, pamene iwo anali ndi ana awiri oti adye, ndipo anali ataona kale mmene dzanja la abambo linkasisitira matumba aja. Anadzipatsa nthawi yongokwanira kufunsa kawiri, kenaka anamasula kansonga ka chitenje.

Mwana anayamba kulira kumbuyo. Ndinapinda mapepala onse awiri m'mene anali, n'kuwabwezera m'kajumbo, n'kumusunthira mwanayo kutsogolo kuti ayamwe.