Kamphira ka pagalasi la mthuthuthu

Amuna anga atabwerako ku Halale sanabweretse makina osokera ngati amuna a anzanga. Anatsika sitima pa Balaka akukankha njinga yamoto yakuda, yothaitha, imene anagula pagalaja pamene ankagwira ntchito. Kumudzi kwathu, kumunsi kwa Nkaya, anthu ankaitcha mthuthuthu. Ine ndinkaitcha mkazi mnzanga, ndipo potero sindinkaseka. Munthu wakhala zaka zitatu kutali, ine ndikulimbana ndi munda wa thonje ndekha, ndiye kukacha aziyamba kupukuta chitsulo asanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji!

Mkazi mnzangayo anali ndi nthenda imodzi. Kudzanja lamanja kwa chiwongolero kunali galasi lozungulira, laling'ono ngati chivindikiro cha chitini, loima pakachitsulo kakatali. Injini ikangolira, galasilo linkayamba kunjenjemera mwakuti ukayang'anamo sunkadziwa ngati chikubwera kumbuyo ndi lole ya thonje kapena mbuzi. Wina aliyense akanangolisiya. Koma amuna anga anali munthu woti akaona msomali wokhota m'njira ankautola n'kukauwongola.

Anayamba ndi kumanga nati mpaka sipanala inawasupula chala. Galasi linanjenjemerabe. Anakulunga kansanza, kansanzako kanaperepeseka sabata isanathe. Anamata phula la njuchi, dzuwa la ku Balaka linalisungunula, linadonthera pa buluku lawo la ku tchalitchi, wochapa n'kukhala ine. Kenako anapita kwa mmisiri wina wachiyao wosula makasu, amene anawadulira kachitsuloko kuti kafupike, n'kuwalangiza kuti athire mchenga wouma m'paipi ya chiwongolero kuti ilemere. Anasefa mchengawo ndi sefa yanga ya ufa. Tsiku limenelo ndinalankhula mawu amene ndinakawalapa kwa ansembe Loweruka lake. Kunjenjemera kunachepako pang'ono, koma osatha.

Chimene chinachiza nthendayo chinali chinthu chachabechabe. Anadula kamphira kozungulira kuchokera ku chubu chakale cha lole, anakaboola pakati ndi msomali wamoto, n'kukaika pakati pa kachitsulo ka galasi ndi chiwongolero. Nati sanaimange kwambiri, anangoigwiritsa. Atalizanso injini, galasi linangoti zii.

"Mayi a mwana, tabwerani mukhale kumbuyoku," anandiitana.

Ndinakhala monyinyirika. M'galasimo ndinaona diso lawo likundiyang'ana, loyera bwino, pamodzi ndi chipsera chimene anali nacho pamwamba pa nsidze. Iwonso ankandiona. Ndinafuna kukwiya koma zinandikanika, ndinangoseka. Kuyambira pamenepo tikamapita ku msika ankapendeketsa galasilo kuti azindiona, ndipo ine ndinaleka kudandaula za sefa.

Tinkakhala chikamwini, kwathu kwa ine. Nyumba ya amayi inali poti ukatsokomola amamva. Komabe pa zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wathu, amayi ndi amuna anga anali asanayang'anepo pamaso. Ndiwo unali ulemu wa masiku amenewo pakati pa mkamwini ndi apongozi ake, ndipo amayi ankausunga koposa anzawo onse. Akakumana m'njira, amayi ankapatukira kutchire n'kugwada chofulatira, amuna anga ankavula chipewa n'kudutsa akuyang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera mwa ine. "Uwauze akamwini kuti nkhokwe yapendekeka." "Muwauze apongozi kuti ndamva." Nthawi zina onse awiri anali pabwalo limodzi, akumvana bwinobwino, ine ndili pakati kubwereza mawu ngati wopusa. Za njinga amayi ankangoti, "Chiphokoso cha akamwinichi chidzaletsa nkhuku zanga kuikira."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mmawa wina nyengo yotola thonje, dzuwa litangokwera pang'ono, ndinamva amayi akukuwa kumunda. Anaponda mphiri imene inagona pansi pa tsinde la thonje, ndipo inawaluma pamwamba pa kakolo. Amayi ena awiri amene ankatola nawo anawamanga luzi pansi pa bondo n'kuwanyamula mpaka pakhomo. Pofika, phazi linali litatupa kale, likuda.

Chipatala cha asisitere chinali cha ku Utale. Pamachira akanafika dzuwa litapendeka, komanso amuna ambiri a m'mudzi anali atapita ku msika wa thonje. Panjinga yamoto sipakanatha ola. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, sindikanatha kukwera nawo kuti ndiwagwirire. Aliyense pabwalopo ankadziwa chimene chinkafunika, koma palibe amene ankafuna kuchitchula. Ndinachitchula ndine.

"Amayi, mukwera njinga."

"Iyayi mwanawe. Ine kukhudzana ndi akamwini? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Amene adzadye nyemba pamaliro anuwo? Manyazi anapha lambe, amayi!"

Ndinali ndisanawakalipirepo chibadwire. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anga amatulukira pakamwa. Mmodzi wa amayi aja ndiye anapeza nzeru. Anatenga thumba la thonje limene ankatolera, analipinda, n'kunena kuti likhale pakati pa msana wa amuna anga ndi chifuwa cha amayi, kuti matupi asakhudzane. Amayi sanakanenso, ndipo ife tinatenga zimenezo ngati kuvomera. Amuna anga anakwera atazolika. Tinawakweza amayi kumbuyo, tinaika thumba pakati, n'kuwamanga onse awiri ndi nsalu ziwiri monga timaberekera mwana.

Amuna anga anaponda, injini inalira. Amayi anadzidzimuka ndi phokosolo n'kudzutsa mutu. Galasi lija linali phee, lopendekera kumbuyo monga ankaliikira chifukwa cha ine. Maso awo anakumana mmenemo.

Amayi anafuula kuposa mmene anafuulira ndi njoka. Anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya nsalu.

"Ndimasuleni! Nditsitseni, bola ndifere pakhomo panga!"

"Tembenuzani galasilo, bambo a mwana, liyang'ane uko!" ndinakuwa.

"Ndikalitembenuza sindidziwa ngati akomoka," anandiyankha motsitsa mawu. "Mutu ukagwera kumbali, mwendo ulowa m'masipoko a tayala ine osadziwa."

Ankanena zoona. Kucheuka sakanatha, kulankhula nawo sakanatha, ndipo kudzera m'thumba la thonje sakanamva ngati munthu wafooka.

Amuna anga anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kasipanala kamene sankasiyana nako. Maso ali pansi, anamasula nati, anasolola kamphira kaja, n'kumanganso chitsulo pachitsulo. Kamphirako anangokaponya pansi. Miyezi inayi ya ntchito, chala chosupuka, sefa yanga, zonse zinathera pafumbi pamenepo. Galasi linayambanso kunjenjemera ngati kale.

"Muwauze apongozi ayang'ane tsopano."

"Amayi, akuti muyang'ane."

Anasuzumira pakati pa zala. M'galasimo munali chinthu chooneka ngati munthu, koma nkhope munalibe. Amuna anga nawonso ankangoona kufiira kwa duku la amayi likuvinavina, ndipo zimenezo zinali zokwanira: duku likakhala chilili, ndiye kuti munthu adakali tsonga. Amayi anasiya mfundo ija.

"Uwauze akamwini tizipita."

Sindinafunike kubwereza. Ndinawayang'ana mpaka fumbi linawabisa kuseri kwa milambe. Kenako ndinawerama movutikira ndi mimba yangayo, ndinatola kamphirako n'kukamanga pangodya ya nsalu.

Za m'njira ndinazimva pambuyo pake, kwa aliyense payekha. Amuna anga anati duku linapendekeka kawiri, ndipo kawiri konseko anaima n'kuliza belu la njinga mpaka linadzukanso. Pachigwa china chamchenga anatsitsa miyendo n'kupalasa ngati bakha, amayi ali kumsana. Asisitere anawalandira dzuwa lisanafike pamutu. Mwendo unapulumuka, ngakhale amayi anatsimphina moyo wawo wonse.

Ndinakawaona patapita masiku atatu, nditakwera ngolo ya ng'ombe. Ndinawapeza atagona, mwendo uli m'mabandeji. Ndinayamba kupepesa za mawu anga aja, koma anandidula.

"Iwe, kodi akamwiniwa ali ndi chipsera pamwamba pa diso?"

"Eya amayi, anagwa mumtengo ali mwana."

"Ooh. Ali ndi nkhope yabwino. Sunandiuzepo."

Ndinaseka mpaka sisitere anabwera kudzatiletsa, kenako ndinapezeka ndikulira.

Amayi atatuluka m'chipatala ndinawabwezera amuna anga kamphira kawo. Anakalandira n'kukaika m'chitini cha manati. Ndinawafunsa chifukwa chake sakukabwezeretsa, anangoti, "Apongozi sangayende wapansi kupita ku tchalitchi." Ndipo zinaterodi. Lamulungu lililonse thumba la thonje linkaikidwa pakati, amayi n'kukwera. Ankawaperekezanso ku Balaka kukagula mchere, ngakhale kumaliro a abale kutsidya kwa Shire. Amene ankati chiphokoso aja anafika pomatumiza uthenga okha: "Uwauze akamwini kuti mawa ndili ndi ulendo." Anzawo a amuna anga ankawaseka kuti makaniko wanji wolephera galasi. Inenso ndinataya diso lija linkandiyang'ana popita ku msika, ndipo ndinene zoona, zinkandiwawa. Koma sindinadandaule, ine wodandaula pa chilichonse.

Anayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi, osalankhulana mwachindunji ngakhale liwu limodzi. Amayi anamwalira ndi chifuwa nyengo ya mvula, m'nyumba mwawo. Amuna anga ndiwo anakhoma bokosi.

Titatha kumeta, mmawa wina ndinawaona akutsegula chitini chija. Kamphira kanali katauma, koma anakapaka mafuta n'kukaika pamalo pake. Anakwera, anaponda, galasi linati phee. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Ndinawaona akuyang'ana m'galasimo nthawi yaitali. Ndikudziwa chimene ankaona, chifukwa kumbuyo kwawo kunali njira ya ku tchalitchi, milambe, ndi khomo la amayi lotseka, zonse zooneka bwinobwino.

Anazimitsa injini, anatulutsa kasipanala, n'kuchotsanso kamphirako. Anabwera pakhonde n'kundipatsa m'manja.

"Sungani ndinu, mayi a mwana. Galasili likuonetsa kwambiri."