Njala yomwe ndinabisa ku India

Inu owerenga, tsoka langa linayamba ndi nthungululu. Ndinapita kukaphunzira kunja ndisanadziwe bwinobwino kuti ndizikadya chiyani, ndipo zinthu zitavuta ndinakhala chete mpaka thupi linandikana.

Kwathu ndi ku Chiuta, koma bambo atamwalira ndinaleredwa ku Balaka ndi atsibweni anga. Iwo anali ndi mabwato kunyanja ya Chiuta ndipo ankagulitsa nsomba zouma pamsika. M'zaka za m'ma 1980 ndinapeza malo pa yunivesite ina ku India kuti ndikaphunzire za mankhwala. Thandizo lomwe ndinapatsidwa linali la fizi ndi ulendo basi. Chakudya ndi pogona zinali zodzionera ndekha.

Atsibweni atamva anaimirira pakati pa abale n'kunena kuti, "Apite mwanayu. Ine ndilipo, nyanja ilipo." Azimayi anavina. Ine sindinafunse kalikonse. Mwana wamkazi wa ku Chiuta kukwera ndege, ndikanafunsanso chiyani?

Chaka choyamba ndalama zinkabwera ndithu. Chaka chachiwiri nkhondo ya ku Mozambique inafika tsidya lina la nyanja. Anthu amfuti analanda mabwato ndi maukonde a atsibweni, geni yonse n'kugwa. Ndalama zinasiya kubwera.

Masiku amenewo, tisananyamuke akuluakulu a boma ankatichenjeza kuti tisakachititse manyazi dziko. Ndinkaopa kuti ndikadandaula, wina akanena kuti ndikunyoza boma, andibweza, abale anga n'kuona zakuda. Ndiye ndinagulitsa zitenje zanga, kenako wotchi. Ndinkadya kamodzi patsiku, masiku ena tiyi yekha. Anzanga akandiitanira chakudya ndinkawauza kuti ndikusala, ndili pa swaumu, chonsecho mwezi wa Ramadani unali utapita kalekale. Mulungu andikhululukire pa bodza limenelo.

Tsiku lina ndinakomoka m'kalasi. Nditatsitsimuka m'kachipatala ka pasukulupo, ndinaona mphunzitsi wathu wina atakhala pambali pa bedi, mayi wachikulire yemwe tonse tinkamuopa. Anandifunsa kuti ndinadya liti komaliza. Ndinayamba kulira, n'kuulula zonse. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma iye anangopukusa mutu n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji sunanene?"

Zinapezeka kuti pasukulupo panali thumba lothandiza ophunzira ochokera kunja, ndipo pakhomo pa ofesi yake ndinkadutsapo tsiku lililonse. Mayi uja anandiperekeza yekha kumeneko. Anandipezeranso ganyu yotsuka mabotolo m'chipinda choyesera mankhwala. Palibe amene anandineneza kuboma, palibe amene anandibweza.

Maphunziro ndinamaliza. Nditafika ku Balaka sindinawapeze atsibweni. Anali atabwerera kunyanja, komwe ndinawapeza akusoka maukonde a eni. Atandiona anayang'ana pansi.

"Ndinakutaya kutali, mwananga," anatero.

Ndinagwada n'kuwayankha kuti, "Iyayi atsibweni. Mukanapanda inu, ngakhale sekondale sindikanaiona."

Ndinawatenga, ndipo anakhala pakhomo panga ku Machinga, komwe ndinayamba ntchito pachipatala, mpaka Mulungu anawaitana.

Sindikuti musapite, ana anga. Mwayi ukapezeka pitani, ine kupitako kunasintha moyo wanga ndi wa azing'ono anga omwe ndinawaphunzitsa pambuyo pake. Koma musananyamuke khalani pansi ndi amene akulonjezayo, mufunse mosachita manyazi kuti zikadzavuta mudzatani. Munthu akhoza kukukondani ndi mtima wonse n'kulepherabe. Fufuzaninso msanga thandizo lomwe lili pasukulu imene mukupitayo. Ndipo zikakuthinani kumeneko, tsegulani pakamwa. Ine anthu ondithandiza anali nane pafupi nthawi yonseyo, koma sankadziwa kuti ndili ndi njala.