Mfundo pa mawaya a Mesitere

Olinda anayamba kuwaona bwino a Efraimu tsiku limene iwo anakweza mawaya awiri m'mwamba n'kumawayang'anitsitsa padzuwa, ngati munthu wofuna kudziwa ngati dzira lasukusa. Anali atakhala moyang'anizana nawo zaka zisanu ndi chimodzi, iye ndi makina ake osokera pakhonde, iwo ndi zitsulo zawo pansi pa mtengo wa mango, tsidya lina la msewu wopita kusiteshoni ya sitima ya Entre Lagos, pafupi ndi malire a Malawi. Koma chimwalirireni mwamuna wake, Olinda, amene anthu ankamuitana kuti mayi a Jéssica, sankadzutsa mutu kawirikawiri. Moni ankapereka, basi.

A Efraimu anali a zamagetsi a galimoto. Ntchitoyi anaiphunzirira ku Liwonde nthawi ya nkhondo, atathawira kumeneko ndi makolo awo. Mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi kabokosi ka zipangizo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankawaitana kuti Mesitere, kutanthauza mmisiri wamkulu. Akazi awo anatsogola kalekale, ana anali ku Nampula. Buku la mawaya analibe. Galimoto imene anaigwirapo kamodzi ankaikumbuka ngati mmene mzamba amakumbukirira ana amene anawalandira.

Mwezi umenewo Umaru, wogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, anawakokera galimoto yake yakale yonyamula katundu. Injini ya petulo inali itafa, ndiye anagula ya dizilo ku Malawi. Amakaniko anaikhazika pamalo pake n'kusiya galimoto ili chigoba: mipando panja, kutsogolo kwa dalaivala kuli pululu, mawaya ali lendelende ngati mizu ya kachere. Ntchito ya a Efraimu inali yolumikiza mawaya a galimoto yakaleyo ndi a injini yachilendo, mmodzimmodzi.

Lachitatu atalumikiza batire, munatuluka utsi. Fungo la waya wopsa linafika mpaka pakhonde la Olinda.

"Mesitere, mukukonza galimoto kapena mukuwamba nsomba?" anafunsa Umaru. "Kuwamba ndi ntchito yanga."

"Waya wina anali wowola, achimwene."

"Ukatulukanso utsi ndikatenga wina ku Cuamba. Anthu ayamba kale kunena kuti mwakalamba."

A Efraimu anaseka nawo, koma Umaru atapalasa njinga yake iwo anakhala pathayala n'kugwira kutsaya. Pamalo ngati pano, galimoto imodzi ikangochoka yosatha pansi pa mtengo wako, ina sibweranso.

Olinda anali atazindikira kale. Amayi ake nawonso ng'ala itayamba kuwaphimba m'maso ankasoka malaya abuluu ndi ulusi wobiriwira, n'kumakana kuti palibe chalakwika. Tsiku lonse analimbana ndi mtima wake. M'mawa mwake anatenga dengu la zidutswa za zitenje za kapulana, n'kuwoloka msewu umene anali asanawolokepo.

Anawapeza atagwiranso mawaya awiri.

"Wakumanjayo ndi wobiriwira," anatero akuyang'ana pansi. "Wakumanzere ndi wabuluu, ali ndi mzere woyera."

A Efraimu anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Winanso ndani akudziwa, mayi a Jéssica?"

"Palibe. Ine sindicheza ndi anthu."

"Zoona. Ndinkayesa kuti wolankhula panyumba panu ndi makina aja."

Anapangana njira yawo. A Efraimu ankasolola waya, Olinda n'kutchula mtundu wake, iwo n'kunena kumene akupita osaganiza kawiri: uyu wa nyali zakumbuyo, uyu woliza injini, uyu wa petulo alibenso ntchito, adulidwe. Kenako Olinda ankang'amba kansalu n'kumangirira pawayapo. Mfundo imodzi inkatanthauza waya wochokera kubatire, ziwiri wa nyali, zitatu wa injini. Kwa mawaya ofanana mfundo ankasintha nsalu, ina yokhakhala, ina yoterera, kuti zala ziwerenge zimene maso ankakana. Akatero a Efraimu ankalowa m'chigobamo, atatsinzina n'komwe, n'kumalumikiza akuimba chapansipansi.

"Kodi wofiirira ndi wofiira amasiyana chonchi?" anafunsa a Efraimu tsiku lina. "Kwa ine onse ndi tiyi."

"Tiyi wa mkaka kapena wopanda?"

"Kodi mumatha kunyoza, mayi?"

Azimayi opita kumsika ankachepetsa liwiro akafika pamtengopo, maso ali pa Olinda. Iye ankaweramira m'dengu ngati akusankha nsalu. Wina atamufunsa, anangoti pakhonde pake pakutentha. Kunali kunama kwake koyamba chikhalireni wamasiye, ndipo anadabwa kuti sikunamulemere.

Zinawatengera masiku anayi. Lachiwiri lotsatira Umaru anabwera, a Efraimu n'kumupatsa kiyi. Olinda anali atabwerera pakhonde pake, phazi lili pachopondera makina koma osapalasa. Injini inatsokomola kawiri, kenako inalira, mtengo wa mango n'kugwetsa masamba ouma. Nyali zinayaka, hutala inalira. Utsi unatuluka kumbuyo kokha, kumene umayenera kutulukira.

Umaru anasuzumira pansi pa chiwongolero n'kuona tinsalu tambirimbiri.

"Mwaiveka ngati mkwatibwi. Koma Mesitere, maso anu akadali a mphamba."

A Efraimu anapukuta manja nthawi yaitali.

"Maso anatha, achimwene. Awa anali obwereka. Mukamapita ndi nsomba ku Cuamba mundinyamule, akandione kuchipatala. Akuti ng'ala amachotsa."

Umaru anayang'ana tinsalu tija, n'kuyang'ana tsidya la msewu. Anangovula chipewa chake n'kuchivalanso.

Ananyamuka Lachisanu m'mamawa, madengu a nsomba atasanjikizana kumbuyo. A Efraimu anali atavala jekete, kabokosi ka zipangizo kali m'manja. Anawoloka msewu n'kukaika pakhonde pafupi ndi makina. Olinda anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti ayende bwino.

"Mundisungire aka," anatero a Efraimu. "Ndikachira ndidzayambira pano. Mpaka lero ndikungokudziwani mawu okha, mayi a Jéssica."