Mayi Sizasi ndi Mawaipa Odana ndi Bodza

Mumsewu wathu aliyense ankawadziwa kuti Mayi Sizasi. Anali telala, koma dzinalo linamera kwenikweni chifukwa cha pakamwa pawo, pamene pankadula kuposa sizasi yeniyeniyo. Ankasokera pakhonde, pamakina akale opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, mapini atawaluma pakona ya mlomo. Ukapita kukayezetsa diresi, ankatchula kukula kwa chiuno chako mokweza kuti oyandikana nawo amve, kenako n'kukufunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino.

Amuna awo atamwalira anawasiyira galimoto yakalekale, yobiriwira, yamphuno yaitali, ya mipando yofewa ngati masofa. Malemuwo ankaisamala ngati mwana, ndipo zaka zonse za banja lawo, iwo akalowa kunsi kwa galimoto, amene ankagwira tochi ndi kupatsira masipanala anali Mayi Sizasi. Motero ankaidziwa galimotoyo mkati ndi kunja.

Amene sankagona nayo tulo nkhani ya galimotoyi anali alamu awo, akulu ake a malemu, ometa tsitsi pafupi ndi pokwerera basi. Bambowa anali ndi nkhani zosatha, ndipo m'nkhani iliyonse ngwazi ankakhala iwowo. Kuyendetsa sankadziwa, koma ankaona kuti galimoto ya mng'ono wawo ikanakongola kwambiri itaima pakhomo pa shopu yawo.

"Alamu, chigalimoto ichi chikuvutitsani," ankatero. "Bweretsani ndizikusungirani."

"Muzisunga bwanji inu, alamu, poti ngakhale njinga mumachita kuikankha?"

Galimotoyi inali ndi khalidwe lake. Mawaipa ake sankayendera magetsi ngati a masiku ano. Ankayendera mpweya umene injini imakoka. Kuchokera ku injini kunali kapaipi ka labala kopita ku kabokosi kachitsulo pansi pa galasi lakutsogolo, ndipo injini ikamakoka mpweya m'kapaipiko, mawaipa ankavina. Koma ukaponda moto kwambiri, monga pokwera chitunda, kukokako kunkachepa, mawaipa n'kuyamba ulesi mpaka kuima pakati pa galasi. Ukangochotsa phazi, ankathamanga ngati aona apolisi.

Tsiku lina mvula ikugwa, alamu anapempha kuti awaperekeze kukagula makina ometera. Atangokhala pampando, Mayi Sizasi anawayang'ana ndi nkhope ya kumaliro.

"Muzisamala polankhula muno. Mng'ono wanu anaikamo kachipangizo. Mawaipa awa amadana ndi bodza."

Alamu anaseka n'kumenya bondo. Asanafike patali anali atayamba kale kufotokoza za tsiku limene anameta katswiri wa nkhonya wa dziko lonse, yemwe akuti anadziona pagalasi n'kulira ndi chimwemwe. Mayi Sizasi anaponda moto pang'onopang'ono, maso ali kumsewu. Mawaipa anayamba kukwawa. Alamu atafika poti katswiriyo anawapempha kuti azikayenda naye kunja, mawaipa anaima njo.

Madzi anadzaza galasi.

"Konzani msanga, alamu, tigwera m'ngalande."

"Chabwino, sanali katswiriyo. Anali msuweni wake."

Mayi Sizasi anafewetsa phazi pang'ono. Mawaipa anasuntha monyinyirika.

"Ndipo sanalire. Anangoti zikomo."

Phazi linachokapo, mawaipa n'kuyamba kukupiza mwamphamvu.

Dzinja lonse zinayenda choncho. Alamu ankadziwa kuti pali chinyengo penapake, moti ankapempha dala maulendo kuti awagwire. Ankayang'anitsitsa manja a Mayi Sizasi, ankasuzumira pansi pa chiwongolero kufuna batani lobisika, koma phazi sanaliganizire n'komwe. Chimene chinkawasokoneza kwambiri n'chakuti pachitunda cha kumsika mawaipa ankaima ngakhale iwo atatseka pakamwa. Mayi Sizasi ankati pamenepo amamva ndi zamumtima zomwe.

Ndiye linafika tsiku la Mayi Sizasi eni ake. Ankabwerera kunyumba masana, mvula ili pakati, msewu uli wotsetsereka, ndipo ankakambirana za kasitomala amene anawathawa.

"Ine, alamu, ndine munthu wofatsa," anatero Mayi Sizasi. "Sindinayambe ndamunenapo munthu mawu opweteka."

Mawaipa anaima.

Anachotsa phazi lonse pamoto. Mawaipa osasuntha. Anazimitsa, kuyatsanso, kumenya dashibodi ndi chikhatho. Ayi ndithu. Alamu anaseka mpaka misozi, kutsokomola, kugwira nthiti.

"Konzani, alamu! Konzani, tigwera m'ngalande!"

Kusekako kunawathera pamene anauzidwa kuti azituluka kukapukuta galasi ndi nsalu pakona iliyonse ya msewu. Anafika kunyumba atanyowa ngati nkhuku, nsapato zawo zachikopa zikulira madzi. Anazivula n'kuziimika pakhoma la pakhonde kuti ziume, Mayi Sizasi n'kuwabwereka masilipasi a malemu.

Mvula itakata, Mayi Sizasi anamanga nsalu m'chiuno n'kutsegula boneti. Analiza injini, n'kuwauza alamu kuti akhale chete, chinthu chimene chinawavuta. Anatchera khutu. Pakati pa phokoso la injini pankamveka kamluzu kakang'ono, siii. Anatsata kapaipi ka labala ndi zala mpaka anapeza pamene kanang'aluka, kumapeto kwenikweni pamene kamavala ku injini. Anadula mbali yowolayo ndi sizasi yawo yodulira nsalu, n'kukankhiranso kapaipiko pamalo pake.

Mawaipa anakwera mpaka pakati, n'kutsika ngati nkhalamba yodwala msana, n'kugona.

"Ndinanena ine," anatero alamu. "Izi n'zofunika mwamuna."

"Bwerani ndiye, mwamuna. Ikani chala apa."

Anali atazula kapaipiko mbali ya ku kabokosi. Alamu anaika chala chachikulu pakamwa pa kapaipi, ndipo kanawayamwa kuti phwa. Anakuwa n'kudumphira kumbuyo, silipasi imodzi n'kutsala m'matope.

"Kaluma!"

"Ngati kaluma ndiye kuti mpweya ukufika bwino. Matenda ali m'kabokosi."

Anamasula timabawuti, n'kupita nako kabokosiko patebulo lodulira nsalu, atayalapo nyuzipepala. Kanali kooneka ngati theka la mbale. Mkati munali kachitseko kamene mpweya umakakokera uku ndi uku, ndipo m'mphepete mwake munali kachikopa kotseka mpata kuti mpweya usathawe. Girizi anali atauma ngati sopo wakale. Kachikopako kanali gwa, kong'aluka, moti atangokakhudza kananyenyeka.

Panafunika chikopa chofewa, chopyapyala. Chikwama chawo cha m'manja chinali chapulasitiki. Lamba wa malemu anali wokhuthala kwambiri. Mayi Sizasi anaima pakhonde manja ali m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku, mpaka maso awo anakagwera pakhoma.

"Alamu, mwazizidwa inu. Talowani kukhitchini mutereke madzi a tiyi. Machesi ali pamwamba pa kabati, mufufuze bwinobwino."

Machesiwo anali m'thumba mwa Mayi Sizasi. Alamu akugubuduza zitini kukhitchini, Mayi Sizasi anamasula zingwe za nsapato yakumanzere, nakoka kachikopa kofewa kamene kamakhala pansi pa zingwe, kaja amati lilime, n'kukadula kamodzi n'kamodzi. Anamanganso zingwezo mwaluso n'kuibwezera nsapatoyo pakhoma. Anayeza chikopacho pa kachitseko, kudula, kuchinyika m'mafuta a makina osokera mpaka chinafewa ngati nsalu. Anapala girizi wakale yense, kupaka watsopano, kutseka kabokosi. Alamu atatuluka kudzadandaula za machesi, anawapatsa tochi kuti aunikire pansi pa dashibodi pobwezera kabokosiko pamalo pake.

Injini italira, mawaipa anakupiza mwaukhondo, mbali zonse mofanana, kuposa mmene ankachitira malemu ali moyo. Alamu anawomba m'manja.

"Mwaona? Takonza!"

Anamwa tiyi mosangalala, machesi atapezeka modabwitsa pansi pa nyuzipepala. Kenako alamu anakhala pasitepe kuti avale nsapato. Yakumanja inalowa bwino. Yakumanzere anavala, kumanga zingwe, n'kuona sokosi yawo ikusuzumira pakati pa zingwezo. Anaivula, kuitembenuza, kuigwedeza, kuyang'ana pansi. Kenako anayang'ana galimoto, n'kuyang'ananso sizasi inali patebulo.

"Alamu. Lilime la nsapato yanga lili kuti?"

"Lapeza ntchito."

"Nsapato zanga zabwino izi!"

"Inu munkafuna gawo pa galimoto ya mng'ono wanu. Pano muli nalo, ndipo palibe angakulandeni."

Alamu anayesetsa kukwiya koma milomo inkawakanika. Mayi Sizasi anali atakhala kale pamakina, akufufuza m'thumba la zidutswa. Anatulutsa kansalu kofiira ka maluwa achikasu, kotsala pa diresi la mwana wa kasitomala wina, nakapinda kawiri, kusoka, n'kukalumikiza m'nsapatomo ndi singano yaikulu.

Alamu anavala n'kuimirira. Anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, kubwerera, kupendeketsa phazi kuti maluwawo awale. Kenako anakhalanso pasitepe, navula nsapato yakumanja, n'kuiika patebulo.

"Dulani ndi ili lomwe. Munthu sangayende ndi nsapato zosiyana, anthu angandiyese wosokonekera."

Lilime lachiwirilo Mayi Sizasi analisunga m'kabotolo ka mafuta, kudikira tsiku limene loyambalo lidzaume. Alamu anavala nsapato za maluwazo mpaka zinatha zidendene, ndipo anyamata ena a kushopu kwawo anabwera pakhonde paja kudzafunsa ngati n'zotheka kuwasokera zoterozo.