Wopalasa Amene Ankatsalira M'bwato

Kwathu ku Nyachikadza, ukafuna kupita kulikonse uyenera kuyamba wapangana ndi madzi. Msika uli tsidya, chipatala tsidya, ndipo masiku amenewo ngakhale tchalitchi chathu chinali tsidya. Ndiye wopalasa bwato kwathu si munthu wamba. Wathu anali a Sebastiano, ndipo ine ndikamawatchula ndimayamba ndi kuthokoza.

Anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, kuthawa nkhondo, atangonyamula nkhafi ya bambo awo basi. Anabatizidwa mu Shire momwemu, anthu ena ataima uku ndi uku kuyang'anira ng'ona. Nanga kuimba kwake, mayo ine! Akayambitsa nyimbo pakati pa mtsinje, ngakhale amayi oopa madzi ankaiwala kugwira m'mbali mwa bwato.

Kenako kunabwera chigumula chija chinatisesa tonse. A Sebastiano anakhalira kutola anthu m'mitengo ndi pamadenga, osapuma. Pobwerera kwawo anapeza nyumba palibe, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Fatsani, palibenso. Anakamupeza m'mabango madzi ataphwa.

Maliro atatha, bamboyo anaima padoko dzuwa likuswa mtengo, ataledzera kachasu, nkuloza kumwamba. "Ana a eni ndakupulumutsirani, wanga mwatenga! Kuyambira lero tisadziwane!" Tonse tinamva ndi makutu athu. Mpingo unawaimika, iwo osabwereranso.

Kachasu anadzamusiya, koma tchalitchi anachikana kwamtuwagalu. Chodabwitsa nchakuti Lamulungu lililonse ankatiwolotsa ulere, nkutsala m'bwato chipewa kumaso mpaka titaweruka. Ukati, "Tiyeni tikalowe," ankangoti, "Chipulumutso changa chinapita ndi madzi, mwanawe. Ndinachitaya ndekha." Ankaopa kuti adzafa Mulungu atawafulatira, ndipo mantha amenewo anawadya kuposa ukalamba.

Nkhani yawo inkatiyambanitsa ndithu. A Alick, mkulu wa mpingo, ankati wotukwana Mulungu dzina lake limafufutidwa, nkhani nkuthera pompo. Azimayi a mumpingo ankayankha kuti mwana akakunyera pantchafu suidula. Ine Jesinta, wogulitsa milamba youma, za mabuku sindizidziwa. Ndinkangopsa mtima kuona munthu wabwino akudzizunza.

Chaka chatha a Sebastiano anadwala, miyendo kutupa, bwato nkulikokera kumtunda. Ndinakatenga abusa athu atsopano, a Witness, achinyamata ochokera ku Ntchisi, amene anali asanazolowere kutentha kwa kuno ngakhale kalankhulidwe kathu. Ananyamula Mgonero m'kachikwama. Tinawapeza akuluwo ali pamphasa pamthunzi, ndipo sanazungulire nkomwe.

"Abusa, ndiuzeni zoona. Munthu akalandira chipulumutso nkuchiponya yekha m'madzi, chimabwereranso?"

Abusa anapukuta thukuta. "Bambo, akuluakulu a mabuku amatsutsana pa nkhani imeneyi mpaka lero. Koma ine ndikuona kuti munthu amene Mulungu wamusiya sakhala zaka zonsezi akulira ndi funso limenelo."

A Sebastiano anapukusa mutu. "Inu kunalibe. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti tisadziwane."

Apa ndiye zinandikwana. "Amalume, ine mwandiiwala? Tsiku la chigumula munandipeza mumtengo wa mango. Nditaona amuna anga akupita ndi madzi ndinafuna kuwatsatira. Munandigwira chitenje, chinavuka. Munandigwira mkono, ndinakulumani. Ndinakutukwanani inu ndi mtundu wanu wonse, ndikukuwa kuti ndisiyeni ndife! Munandisiya? Aonetseni abusa dzanja limenelo!"

Anatembenuza dzanja lawo. Mano anga analipobe, chipsera chozungulira.

"Ndikanakusiya bwanji?" anatero. "Munthu akamamira, zonena zake sitimvera."

"Eya! Nanga inu padoko paja simunali kumira? Ndiye inu, wopalasa bwato, mukhale ndi chifundo kuposa amene anakulengani? Lero ndili ndi zidzukulu chifukwa simunandimvere."

A Sebastiano anayang'ana chipsera chija. Kenako misozi inayamba kutsika, osaipukuta. Nanenso ndinalira, osabisa, poti ngongole ya moyo sungaibweze, umangothokoza. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi ngati munthu angalape ali chigonere. Abusa anati angathe, ndipo tinapemphera.

Atatha abusa anatulutsa mkate, nkunyema, nkuwatambasulira. A Sebastiano asanalandire anawomba m'manja pang'onopang'ono, nkunena kuti, "Takhuta."

Abusa nkhope inagwa. Anabweza dzanja mwaulemu, nkuyamba kukulunga mkate uja, poti kwawo wonena kuti wakhuta ndiye kuti wakana chakudya.

"Abusa, mukutani? Apatseni!" ndinakuwa. "Chimenecho ndi Chisena! Kuno takhuta ndiye kuti zikomo!"

A Sebastiano anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikadali m'masaya.

"Kukhuta ine, mwana wanga? Ndi njala ya zaka zonsezi? Bweretsani kuno, ndipo musandinyemere kakang'ono."