Munthu wa Ndodo

Lamulo la m'wekishopu yathu ya mabatire ku mgodi wa ku Kitwe linali loti munthu satsegula batire yaikulu ali yekha. Mabatire amenewa, oyendetsa ngolo za miyala pansi pa nthaka, ndi aakulu ngati filiji yogoneka, ndipo mkati mwake muli maselo ambirimbiri olumikizana. Magetsi ake akakugwira sakusiya. Choncho wina amayeza maselo ndi mita, mnzake n'kuima kumbuyo atagwira ndodo yangowe yoti am'kokere nayo zikavuta.

Woyeza ndinali ine. Wa ndodo anali mkulu wina wa ku Petauke, wamfupi, wa Mboni za Yehova, amene ankaseka ngati akutsokomola. M'wekishopu monse, ife awiri tokha ndife tinkayankhulana Chinyanja. Kunyumba mkazi wanga anali atatisiya kale, ndipo ana ankandiyankha m'Chibemba ngakhale ndiwakalipire bwanji. Chilankhulo cha kwathu ndinkachimva kumsana kwanga, ndili chiweramire.

Ndikatchula nambala ya selo, iwo ankaibwereza, kenako n'kuponyapo nkhani.

“Thu poyinti wanu,” ine.

“Thu poyinti wanu. Manje amdala, mukwatira liti? Malaya aja akung'ambika mukuona.”

“Gwirani ndodo, musiye za malaya anga.”

Zaka zinatha choncho, ndipo ndodo ija sinandikokepo n'kamodzi komwe.

Kenako kunabwera mabatire atsopano. M'kati mwake anaikamo timabodi tokhala ndi tchipi, kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo, ndi tiwaya topita ku selo iliyonse. Katchipiko kamayeza maselo onse nthawi imodzi osapuma. Selo ikadzaza kuposa zinzake kamaitapako pang'ono, ikatsika kwambiri kapena kutentha kamadula batire yonse. Manambala amangobwera okha pa kompyuta. Sindinama, poyamba ndinakasirira. Ntchito yotithera m'mawa wonse kankaimaliza ndisanavale n'magolovesi omwe.

Anzanga a ndodo aja ndiwo anayamba kuona kumene zinkalowera. “Ngati simutsegula batire, nizagwirira ndani ndodo?” anandifunsa tsiku lina tikudya. Ndinawauza kuti asiye mantha.

Ndinapita kwa kapitawo kukakangana. Ndinati katchipi kakhoza kunama, kawaya kakhoza kumasuka, tsiku lina tidzayenera kutsegula ndithu. Iye anavomera zonse mwaulemu, n'kunena kuti tsikulo likadzafika adzandibwerekera munthu kuchokera ku gawo lina. Kubwereka munthu, ngati wilibala! Ndinatuluka nditamenyetsa chitseko.

Miyezi yotsatira ndinkachita chinthu chimene wamagetsi wanzeru zake sachita. M'mawa uliwonse ndinkayatsa kompyuta ndikulakalaka kuona selo yofooka, nambala imodzi yokha yofiira, kuti titsegule, mabwana aone kuti mkuluyu ngwofunika. Koma manambala ankangoima mofanana ngati mano a chipeso. Anzangawo ankasesa pansi posesa kale, ine ndikuyang'ana pagalasi la kompyuta. Tinayesa kucheza choyang'anizana, koma nkhani sizinkayenda, tinkachita manyazi ngati mkamwini ndi apongozi ake.

Mgwirizano wawo wa ntchito utatha mabwana sanauwonjezere. Anzangawo anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Lubuto, ku Ndola, kukathandiza kugulitsa makala. Ine mabwanawo anandipatsa mpando wofewa ndi kachipinda kozizira, momwe ndimatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Nthawi zina ndimapita kuchimbudzi ndisanafune, kuti mwina ndikumane ndi munthu m'njira.

Lamlungu lina nditachoka ku Misa ndinawaimbira foni. Tinapatsana moni wautali, kufunsana za ana, za mvula, za bondo lawo. Moni utatha ndinkangomva wailesi kumbali kwawo ndi mayi wina akutsutsa mtengo wa makala m'Chibemba.

“Nanga maselo ali bwanji?” anafunsa iwo pomaliza.

“Ali bwino onse. Palibe yotsika.”

“Olo imodzi?”

“Olo imodzi, akulu.”

“Ndiye ni bwino,” anatero. Kenako anati kwabwera kasitomala.