Funso la Agogo NyaMhango

Ndikakumbukira agogo NyaMhango, ndimamva fungo la makala onyeka m'simbi ndi la nthunzi yotuluka m'malaya oyera. Ankasitira pakhonde, atayala bulangete lakale patebulo, akuwaza madzi ndi zala kwinaku akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka. Masiku amenewo boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo nyumba zathu za ku Area 15 zinkanunkhabe penti ndi simenti. Fumbi lofiira la mathirakitala olambula misewu linkalowa m'maso, m'mbale ndi m'mabulangete, moti chovala chinkafiira chisanaume pachingwe. Koma malaya a mwana wawo, a Gondwe, amene anali kalaliki ku Capital Hill, ankatuluka m'nyumbamo ali mbee m'mawa uliwonse.

Sanali agogo anga enieni, tinangoyandikana nyumba. Bambo anga anali dalaivala wa boma, ndipo ndi iwo ananyamula katundu wa banjalo pa lole kuchokera ku Zomba. Ife kwathu ndi ku Mitundu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mng'ono wanga Lute khumi, ndipo tikaweruka kusukulu tinkathamangira pakhonde la agogo kukawakupizira simbi. Anali ndi khalidwe limene amayi ankaliseka: mwana sankangomupatsa chinthu, ankayamba amufunsa. Ankati, "Pakamwa pa mwana si podyera pokha."

Loweruka lina m'mawa kunabwera amalume, achimwene awo a amayi. Kwathu amalume ndiwo mwini mbumba, ndipo mawu awo pa ana a mlongo wawo amaposa a bambo. Anakhala pampando panja, namwa tiyi, kenako anayamba nkhani mosabisa, ine ndi Lute tikutsuka mbale pomwepo. Anati mnzawo wina, kapitawo wa pa esiteti ya fodya ku Kasungu, waferedwa mkazi ndipo watsala ndi ana atatu. Iwo anali atamulonjeza kale mtsikana.

"Esinati ndi amene wakula," anatero akundiloza ndi chibwano. "Akalere anawo. Akakhwima, nyumbayo idzakhala yake."

Mbale inandipulumuka. Ndinayang'ana amayi, koma iwo anazyolika. Bambo anayesa kulankhula. "Alamu, mwanayu ali pasukulu, ndipo mutu wake ukugwira."

"Inu ndinu mkamwini," anayankha amalume. "Munabereka, tathokoza. Koma ana awa ndi anga."

Bambo, munthu woyendetsa chilole cha boma, anangoweramitsa mutu ngati mwana wodzudzulidwa.

Pamenepo tinamva simbi ikuikidwa pansi mwamphamvu. Agogo anadutsa pampanda wa maluwa, nadzaima pamaso pa amalume osapereka ngakhale moni.

"Bambo, ndamva zonse. Mwanayo mwamufunsa?"

"Gogo, mbuzi yako suifunsa ukamaisamutsa khola. Zakwanu n'zakwanu."

"Zakwathu ndikuuzani ine," anatero agogo m'Chichewa chawo chopotoka. "Kwathu ana ndi a bambo, kuno ndi a malume, koma kulira kwake n'kumodzi. Mkulu wanga atamwalira, atate ananditenga ine n'kundipereka kwa mwamuna wake kuti ndilowe m'malo. Ndinali ngati uyu, mabere asanamere. Anandipeza ndikuphika dothi m'zigoba, n'kundinyamula paphewa ndikukuwa. Ndinathawa kawiri, ndipo kachiwiriko atate anandibweza okha atandimanga chingwe m'chiuno. Zaka makumi anayi ndinamuphikira munthu uja, koma palibe tsiku ndinamuyang'ana kumaso."

Kuseri kwa mpanda a Gondwe anali ataima ndi lumo m'manja, thovu la sopo lili kumasaya. Munthu ankanenedwayo anali bambo awo, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti nkhaniyo akuimva koyamba. Agogo sanawacheukire. Anandigwira chibwano ndi dzanja lotentha.

"Esinati, iweyo ukufuna kupita?"

Chibadwire palibe wamkulu anali atandifunsa nkhani yaikulu chotero. Ndinati, "Ayi, agogo. Sindikufuna."

Amayi anagwira pakamwa. Ndinkadikira mbama, koma amalume anangondiyang'anitsitsa, kenako anaseka. "Ana a m'tauni! Chabwino, akhale." Anapempha tiyi wina, nayamba kucheza za mvula.

Agogo sanakhulupirire kusekako. Dzuwa lili paliwombo anauza amayi kuti akundibwereka ndikawanyamulire dengu kumsika wa ku Old Town. Cholinga chawo chinali chakuti ndikhale kutali mpaka amalume atanyamuka. Tinazungulira msika wonse, kuyambira kwa ogulitsa usipa mpaka kwa osoka nsapato, iwo atandigwira dzanja osalitaya. Ine ndinkayenda monyadira, ndikuganiza kuti ndapambana.

Titabwerera madzulo tinapeza amayi atakhala pansi pakhomo, miyendo ali tambalale, maso atatupa. Bambo anali ataitanidwa kuntchito masana omwewo. Amalume kunalibe.

"Lute ali kuti?" ndinafunsa.

Ndinalowa kuchipinda ndipo ndinapeza mkeka wake utapindidwa, diresi lake la Lamulungu palibe, buku lake la masamu lili pawindo. Ndinatuluka ndikukuwa. Agogo, amene sankalola kachitsotso pansalu yawo, anangokhala pafumbi lofiira lija ndi dengu lawo, matimati n'kumwazika.

"Ndinafunsa mmodzi," ankangobwereza. "Analipo awiri, ine ndinafunsa mmodzi."

Bambo anapita kumudzi kawiri kukadandaula, koma akuluakulu anawauza kuti mkamwini saweruza za mbumba ya eni. Agogo anakakamiza a Gondwe kulemba makalata, koma sitinkadziwa ngakhale dzina la esitetiyo. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akuimba posita. Patapita zaka ziwiri anabwerera kwawo ku Rumphi, ndipo anamwalira konko.

Lute anabwera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwana ali kumsana, wina ali m'mimba, zikhatho zitada ndi utomoni wa fodya. Ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza sekondale. Pondipatsa moni anagwada ngati akulonjera mlendo wolemekezeka.

Lero tonse tili ndi imvi, ndipo timakhala nyumba imodzi. Ine ndinapuma pantchito yauphunzitsi, iye ndimamuwerengera zolembedwa pamabotolo a mankhwala ake. Sindinong'oneza bondo kuti ndinakana, komabe sindidziwa chimene ndikanayankha ndikanadziwa amene adzalowe m'malo mwanga. Zimenezo ndimayenda nazo, ndipo sindinapeze pozitula.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kumufunsa mmene anachokera tsiku lija, ngati analira, ngati anamukoka.

"Ayi, achemwali, ndinkadumphadumpha," anatero akusenda nyemba. "Amalume anati tikukutsatirani ku Old Town, akandigulire nsapato. Basi ikudutsa m'mashopu muja ndinkangosuzumira pawindo kukufunani, ndikudabwa kuti bwanji sitikutsika."